Laputopu ya aChibwe Itasiya Kulankhula

Alimi a ku Luembe ndi ku Mwape amawakumbukila a Josphat Chibwe ndi njinga yamoto yofiila. Anali alangizi a zaulimi, ndipo kumeneko kunalibe munda umene sanaupondepo. Ankafika fumbi lili koboo, n'kuthyola tsamba la chimanga, kulitembenuza, n'kutchula matenda ake asanapeleke ndi moni womwe.

Maso awo anayamba kutha cham'mbali. Poyamba ankangodabwa kuti mbuzi ndi ana akutulukila pafupi ndi njinga osaona kumene achokela. Atapita kuchipatala anawauza kuti achedwa kubwela. Dziko linapitiliza kuwachepela ngati munthu wosuzumila m'botolo, mpaka chaka china linatsekekelatu.

Ntchito inathela pomwepo, njinga inabwelela ku ofesi. Akazi awo anali atamwalila kale, choncho mlongo wawo wamng'ono, Immaculate, amene anthu amamutcha amake Karen, anawatenga kukakhala nawo ku Nyimba, m'nyumba ya zipinda ziwili kuseli kwa msika. Amake Karen amagulitsa nthochi pamsewu waukulu, pamene pamaima mabasi a ku Lusaka ndi ku Chipata. M'mawa uliwonse akasenza dengu, ankamanga chitseko cha mpanda ndi waya chakunja.

"Musatuluke, alongo. Malole a pamsewu apa saona munthu."

"Ndiye tafanana," ankayankha aChibwe.

Ankaseka onse, koma wayayo ankamangidwabe. Munthu amene ankadziwa njila zonse za boma la Nyimba anatsala ndi njila imodzi, yochoka pampando kupita kuchimbudzi, atagwila chingwe choyanikila zovala.

Chimene chinawatsitsimula chinali laputopu. Mnzawo wakale wa kuntchito anawapatsa yake yakale, ndipo mphunzitsi wina wa ana osaona ku Petauke anaikamo pulogalamu yolankhula. Akadina batani, makina ankatchula chilembo. Akatsegula nkhani, ankawawelengela. Mawu ake anali a mayi wachizungu wosapuma, amene ankaphotchola Chinyanja mpaka amake Karen kugwila nthiti, koma aChibwe anawazolowela. Anaphunzila mabatani onse ndi zala. Mzele wapamwamba ndiwo ankaudalila kwambili, chifukwa munthu wosaona sangaloze chinthu pasikilini. F2 inali yosinthila dzina la nkhani, F5 yotsitsimutsila tsamba, F4 pamodzi ndi linzake yotsekela zimene amaliza.

Anayamba kulemba malangizo afupiafupi a ulimi n'kumatumiza kwa Abraham, muulutsi wa pologalamu ya alimi pa wailesi ina ya m'delalo. Abraham ankawawelenga pamphepo n'kutchula dzina lawo. Tsiku la pologalamu aChibwe ankavala malaya abwino ngakhale kuti sankapita kulikonse.

Ndiye kunabwela mvula ya mu Disembala. Malata anadontha pamwamba penipeni pa tebulo, ndipo mabatani a laputopu anafa. Amake Karen anaikulunga m'chitenje, nakwela minibasi kupita nayo ku Petauke, kwa Febian, wokonza makompyuta ndi mafoni. Febian anaika kiyibodi yatsopano. Itabwela, aChibwe anaisisita ngati mwana wochila, anaiyatsa, ndipo mayi uja analankhula monga kale.

M'mawa mwake, amake Karen atapita kumsewu, anakhala pansi kulemba za mbozi zimene zinali zitayamba kuboola chimanga. Atamaliza anafuna kuipatsa dzina nkhaniyo. Anadina F2. M'malo mowafunsa dzina, mawu aja anangotsika pang'ono. Anaganiza kuti chala chaphonya, anadinanso, mawu anatsikanso. Anadina kachitatu, kachinayi, mayi uja akumvekela kutali ngati walowa m'chitsime. Anasuntha chala n'kudina batani la pafupi, ndipo kunangoti zii.

Anatchela khutu. Ankamva kamphepo ka makina kakutuluka m'mbali, kusonyeza kuti laputopu ndi yoyaka. Koma ali pati? Nkhani ija ili yotsegula kapena yatsekeka? Anadina mabatani ena a mzele womwewo, limodzi ndi limodzi, kenako mwaphuma, mpaka anadzigwila manja poopa kufufuta ntchito yawo yonse. Anakhala choncho mpaka dzuwa kupendeka, manja ali pamiyendo.

Amake Karen atabwela, anawapempha kuti ayang'ane.

"Pali chiyani pasikilini?"

"Palibe kanthu, alongo. Pali bii ngati pansi pa mphika."

"Yang'anitsitsa."

"Ndayang'ana. Yafa iyi."

AChibwe anamuimbila Febian pa kafoni kawo ka mabatani. Febian anali ndi anthu m'shopu, ndipo anayankha mothamanga.

"Bambo, madzi aja mwina anafika ndi ku sipika. Muibweletse niione."

Kuibweletsa kunali kosavuta kunena. Sabata yomweyo Karen, mwana yekhayo wa amake Karen, anachila ku Lusaka mwa opaleshoni, ndipo foni ya mayi ake sinkapuma. Nthochi nazo zinali zitapsa zonse nthawi imodzi. Za ulendo wina wa ku Petauke panalibe wozilankhula.

Masiku amenewo anali aatali kuposa aja oyamba a khungu. Kale sankadziwa chimene akusowa. Tsopano ankadzuka, kusamba, kukhala patebulo, kuyatsa laputopu n'kumamvetsela kamphepo kaja. Anansi onse anali kuminda. Pa wailesi pologalamu ya alimi inadutsa osamveka dzina lawo, inadutsanso kachiwili. Ankadziwa kuti ku Mwape mbozi zikudya chimanga, ndipo mankhwala ake ndi nthawi yothilila anali nazo m'mutu, koma zinalibe potulukila.

Tsiku lina amake Karen akumanga dengu, aChibwe anatuluka atavala nsapato, laputopu ili m'chikwama.

"Undipelekeze pa siteshoni chabe. Ukandikweza, kondakitala adzanditsitsa ku Petauke."

"Ndipo mukatsika?"

"Ndidzafunsa. Pakamwa ndili napo."

"Akakulandani chikwamacho? Mukagwela m'ngalande? Anthu adzati amake Karen anataya mlongo wawo pamsewu."

"Ine ndayenda boma lino lonse, iwe usanadziwe ndi ku Luembe komwe! Lelo wandisandutsa nkhuku ya m'khola?"

Amake Karen anatula dengu pansi. Sanakweze mawu.

"Mukuganiza kuti wotsekeledwa ndinu nokha? Mwana wanga ali gone ku Lusaka ndi bala pamimba. Akumusambitsa ndi apongozi ake, ine mayi wake ndilipo. Mdzukulu wanga ndikumumva kulila pa foni. Ndimadzuka, ndikuphikilani, ndipita kumsewu, ndibwela, ndikuphikilani. Waya uja ndikamanga, ndimakhala ndadzimanga ndi ine."

AChibwe anafufuza mpando ndi phazi, nakhala pansi n'kuyamba kumasula zingwe za nsapato.

Patapita masiku, kunacha ndi mvula yosalekeza, yoti munthu sangakhale pamsewu ndi dengu. Onse awili anali m'nyumba pamene foni ya aChibwe inalila. Anali Febian.

"Bambo, mailo kunabwela mayi wina ndi vuto lofanana ndi lanu, ndiye nakumbukila imwe. Tsiku lija mawu asanathe, munadina chiyani?"

"F2. Ndinkafuna kusintha dzina la nkhani."

"Ndipo mawu anatsika?"

"Anatsika."

"Aa, ndiye sipika ilibe mlandu. Mabatani a pamwambawo ali ndi nchito ziwiliziwili. Ina ndi imene munazolowela, ina ndi yotsitsa mawu, kuchepetsa kuwala, kuzimitsa intaneti. Pokonza paja ninachotsa batile, ndiye makina anabwelela mmene anachokela ku fakitale. Manje akutsogoza nchito yachiwili ija. Ninayenela kuibweza nisanakupatseni, munikhululukile. Onani pa F1, pali kachithunzi ka..."

Febian anadukiza. Anali atakumbukila amene akulankhula naye.

"Pitilizani," anatelo aChibwe. "Maso alipo, ndi obweleka chabe. Amake Karen, tabwela kuno."

"Ine zinthu izi ndimaopa, ndingawononge."

"Zinawonongeka kale. Bwela."

Anakhala pambali pawo, foni ili patebulo, Febian akumveka kwa onse. Amake Karen anawelamila mabataniwo mpaka mphuno kutsala pang'ono kuwakhudza.

"Pali tizithunzi ting'onoting'ono. Aka ndi kasipika kodulidwa ndi mzele. Aka ndi kadzuwa. Palinso kandege."

"Yambani ndi kadzuwa kakakulu, amai. Dinani kangapo."

Anadina ndi nsonga ya chala ngati akuyesa chitsulo chamoto. Kenako anakuwa.

"Yayaka! Alongo, zilembo zilipo, zonse zilipo!"

Sikilini sinafe konse. AChibwe anali ataithimitsa kuwala okha tsiku lija akudina mwaphuma. Febian anawauza kuti adine kasipika kodulidwa kaja, kenako batani lokwezela mawu. AChibwe anati limenelo adina okha. Mlongo wawo anawagwila chala n'kuchiika pamalo pake. Anadina, anadinanso, ndipo chapansipansi mayi uja anayamba kumveka, akuwelenga mzele wa mbozi umene anausiyila pakati.

AChibwe anangotsamila mpando n'kumvetsela.

"Tisanamalize," anatelo Febian, "tibweze mabatani pa nchito yawo yakale. Pansi kumanzele pali batani lolembedwa Fn. Pamwamba pakona pali Esc. Amai, pa Esc mukuonapo chiyani?"

"Kaloko."

"Ndi kameneko. Bambo agwile Fn osasiya, ndiye adine Esc."

Makona awiliwo aChibwe anawapeza okha. Amake Karen anati kanyali kakang'ono kayaka pabatanipo. Atadina F2, makina anawafunsa dzina la nkhani.

Amake Karen anatenga kyutekisi yawo yofiila yopaka zikhadabo, nadontheza kadontho pa Fn ndi kena pa batani lotseka mawu, kuti tikauma zala za mlongo wawo zizitimva. Anadinanso kandege kaja monga anawauzila Febian, intaneti inabwelela, ndipo nkhani ya mbozi inatumizidwa tsiku lomwelo.

Abraham anayankha mwaulemu. Anati ataona kuti aChibwe angoti zii, anapeza mlangizi wina wachinyamata amene amabwela yekha ku wailesi kudzalankhula, ndipo akuluakulu amukonda. Anati nkhaniyo aisunga, mwina mpata udzapezeka nyengo yokolola. AChibwe anathokoza. Mbozi zinali zitadya kale zimene zinafuna kudya.

Madzulo a tsikulo anauza mlongo wawo kuti apite ku Lusaka.

"Amai Jennipher a pafupi apa angamandibweletsele chakudya. Sindingafe."

"Amai Jennipher ali ndi munda ndi ana awo. Tidzaona mvula ikatha."

Mvula inatha, kunabwela malilo a msuweni wawo, kenako aChibwe anadwala malungo. Amake Karen anadzamuona mdzukulu wawo atayamba kale kukwawa, Karen atabwela naye yekha pa basi.

AChibwe akali ku Nyimba, kuseli kwa msika. Amalembabe m'mawa uliwonse, za kasungidwe ka mbewu, za matenda a nkhumba, za nthawi yobzala mtedza. Zina Abraham amaziwelenga mlangizi wachinyamata uja akalephela kubwela, koma zambili zimangokhala m'laputopu.