Maliro a Kuseri kwa Geti

Mpaka lero ndikamva fungo la fodya wonyowa m'chigafa, ndimakumbukira dzinja limene Yoswa anamwalira. Ndinali mu Sitandade 4. Mvula ya chaka chimenecho inali yamwano, sindikunama. Matope a ku Dzoole ankameza nsapato pamodzi ndi mwini wake, ndipo zovala zinkachita nkhungu munthu uli chivalire.

Kumtunda kwa mudzi wathu kunkakhala banja la azungu, amishonale a Baptist. Bambowo tinkangowatchula Abusa Ataliatali, chifukwa polowa m'tchalitchi ankachita kuwerama ngati akupepesa denga. Pobatiza kumtsinje madzi ankawalekeza m'mawondo, wobatizidwayo akumira kale. Akazi awo ankaphunzitsa azimayi kusoka, ndipo Chichewa chawo chinkatiseketsa mpaka nthiti kuwawa. Mwana wawo wamkulu, Hana, anali mnzanga wa phada. Wamng'ono ndiye anali Yoswa, wobadwira konkuno, wongoyamba kumene kuyenda.

Malungo anamugwira ngati masewera. Galimoto yawo inatitimira panjira ya kuchipatala ku Mtengowanthenga. Anyamata anakankha mpaka kusanduka zidole zadothi, koma pofika kumeneko mwana anali atapita kale.

Uthenga utafika m'mawa, mudzi wonse unataya makasu. Anyamata anaika masamba pamsewu. Amayi anga anamanga duku, nasenza nkhuni, n'kuyamba kukwera mtunda ndi azimayi anzawo, onse akulira. Ine ndinali pambuyo pawo, ngakhale anali atandiuza kuti nditsale. Tinapeza geti lokhoma ndi loko.

Abusa anatuluka, maso ali psuu. "Zikomo kwambiri," anatero ali kuseri kwa waya. "Koma mkazi wanga akufuna kukhala yekha. Mubwere mawa ku mapemphero."

Kwathu kuno ngakhale munthu amene mudzi wonse unkamunena ufiti amaliridwa pakhomo posatseka. Bambo wina anafuula, "Ndiye ife ndife agalu? Kutibatiza mukutifuna, kulira ayi?" Azibambo ambiri anatsika, ena akulumbira kuti m'tchalitchi chimenecho sadzapondamonso. Amayi anga anangokhala pansi pamatope pomwepo. "Ine sindichoka," anatero. "M'nyumba umo muli mayi mnzanga." Azimayi ena anakhalanso, mvula ikuwakwapula, nayamba nyimbo.

Ine ndinkadziwa pobowoka pampanda, pomwe tinkadutsira ndi Hana. Ndinamupeza pansi pa tebulo atatseka makutu. Amayi ake anali pakona ya khitchini, atagwira kansapato kamodzi, pakamwa pali yasa koma mawu osatuluka. Ndinali ndisanaonepo munthu akulira popanda phokoso. Zinandiopsa kuposa mtembo.

"Atikwiyira chiyani anthuwo?" anandifunsa Hana.

"Ndiwe wopusa eti? Abwera kudzakuthandizani kulira. Anthu atatu okha simungathe."

Hana anakwera pampando n'kutenga kiyi pamsomali. Bambo ake anationa tikuthamangira kugeti. Anatsegula pakamwa, koma sanatiletse.

Amayi anga analowa ndi matope awo onse mpaka kukhitchini. Anavula chitenje chapamwamba n'kuwamanga nacho mayi aja m'mimba mothina, monga amachitira ndi anamfedwa kuti apeze mphamvu. Pamenepo ndiye kulira kunatuluka. Ndimadziwa kuti ndimakokomeza zinthu, koma apa ayi: kunamveka mpaka kumtsinje.

Yoswa anaikidwa kuseri kwa tchalitchi. Mwa azibambo aja, ena anabwerera kudzakumba manda, ena sanabwerenso mpaka lero. Chimanga chisanaume banjalo linakwera ndege. Hana anandisiyira mwala wake wa phada, ngati kuti kuno miyala ikusowa.

Nthawi imeneyo ndinkauza aliyense kuti azungu anakhoma geti poopa kuti tiwabera masupuni, anzanga n'kumafa nako kuseka. Sindinkadziwa kuti abusa aja ankangoyesa kuteteza akazi awo m'njira yokhayo imene anakula nayo. Pano ndamaliza Folomu 4, ndikungodya ndi kugona podikira zotsatira, ndipo mvula ikagwa amayi amandituma kukalambula pakamanda kaja. Ndikamazula udzu sindiseka. Ndimangoganiza kuti kwawoko, dzinja ngati lino likafika, ndani amawamanga chitenje mayi aja.