Wotchinga mphepo safika nawe pamzere

Loweruka lapitali ndinamaliza mpikisano wothamanga, woyamba m'moyo wanga. Musaseke. Inde, ine ndemwe, amene ndimazungulirazungulira ndi galimoto kufuna kupaka pafupi ndi chitseko cha sitolo.

Nkhani inayamba miyezi yapitayo. Dokotala anandiuza mosapsatira kuti shuga wakwera, ndipo mimbayi ikapanda kuphwa ndiyamba kudzibaya jakisoni. Ndinayesa kunenerera monga mwa chizolowezi changa. Dokotala sanatsitse.

Ndiye ndinapita ku Beech Grove, kufupi ndi kwathu kuno ku Indianapolis, kumene mayi ena ankagulitsa katundu wakale pakhomo pawo, kuphatikizapo makina othamangirapo m'nyumba. Mukundidziwa, ndinakulira pa kaunjika wa ku Limbe. Ndinagogoda makinawo, n'kupukusa mutu, n'kuyamba kuchoka pang'onopang'ono kuti andiitane.

Sanandiitane. Ndinabwerera ndekha.

"Bambo, makinawa mukangoyanikapo zovala," anatero. "Bwerani Loweruka m'mawa tikathamange panja. Ulere."

Ulere! Mawu amenewo sindinawakanepo chibadwire.

Dzina lawo ndi Mayi Wubit, a ku Ethiopia. Anayamba kuthamanga ali kamtsikana kumapiri a kwawo, mpaka miyendo inawakweza ndege. Koma ntchito imene anadyerapo zaka zambiri ndi yoti ine sindinkaidziwa: kuthamanga patsogolo pa akatswiri, kuwatchingira mphepo, kuwasungira liwiro, kenako n'kupatuka mpikisano usanathe. Mendulo kwa ena, zithunzi kwa ena. Bondo litayamba kuvuta anakhazikika kuno, ndipo pano amasamalira okalamba.

"Sizinkakuwawani?" ndinawafunsa tsiku lina ndili wefuwefu.

"Poyamba zinkawawa. Koma ndikaona amene ndamutsogolera akudula riboni, ndinkadziwa kuti mwendo umodzi pamenepo ndi wanga."

Loweruka lililonse ndinkanenerera. "Mayi, lero tilekezere pamlatho apo." Iwo osacheuka n'komwe: "Msewu si msika, bambo. Nyamulani mapazi."

Tsiku la mpikisano, pakati pa mzinda wa Indianapolis panali mphepo ija yolowa m'mafupa. Mayi Wubit anakhala patsogolo, ine pamsana pawo ngati ngolo. Atsikana oyenda akucheza anatipitirira. Agogo ena okankha kanjinga ka mwana anatipitirira. Mayi amene anathamangapo ndi akatswiri a padziko lonse anapirira liwiro langa la nyerere, osadandaula.

Mzere womalizira utaonekera, akazi anga ndi ana akukuwa kutsogoloko, mayi aja anangopatukira m'mbali.

"Mayi, banyira!" ndinakuwa. "Tifike limodzi!"

"Kwatsalaku n'kwanu."

Ndinafika ndekha. Akazi anga anandilandira ndi funso lachikondi: "Bambo a Chisomo, mukadali moyo?" Nditacheuka, Mayi Wubit anali chapatali, akumasula zingwe za nsapato, akumwetulira.

Abale anga, ndi angati a ife tinatsika sitima ku South Bend ndi kajekete ka ku Blantyre, mano akugwedera? Wina anatitenga. Tinagona pa sofa pake. Anatidiraivira ku shifiti yoyamba, anatiphunzitsa kuyendetsa galimoto pa chipale chofewa, anationetsa kogula ufa. Titayamba kuima patokha, anapatuka mwakachetechete kukatenga mlendo wina. Tayang'anani zithunzi zanu za digiri ndi za nyumba yatsopano zija. Alimo?

Amati chala chimodzi sichiswa nsabwe, koma pojambulitsa timakweza chala chimodzi.

Lolemba dokotala anaona zotsatira za magazi n'kunena kuti jakisoni adikire kaye. Paja akuti linda madzi apite ndiye uziti ndadala, choncho Loweruka likubwerali ndili pamsewu. Komabe taonani: dokotala uja watsitsa, ndipo amene anandinenerera si pakamwa pangapa ayi, ndi miyendo ya mayi a ku Ethiopia.

Makina aja akadali pakhomo pawo, osagulidwa. Zikomo, Mayi Wubit.

Nanga inu, anakutchingirani mphepo ndani? Akudziwa kuti munafika?