Mpini m'thumba la kachewere

Mtembo wa a Obed unabwera kunyumba pa ngolo yomwe ananyamuka nayo m'mawa. Linali Lachiwiri, m'chaka cha 1996, dzuwa lili paliwombo. Anali atagulitsa kachewere wawo kwa a malole ku Tsangano, ndipo pobwerera anthu atatu obisa nkhope anawaimika pamlatho n'kuwaombera. Ng'ombe zinafika zokha pakhomo chifukwa njira zinkaidziwa.

Mkazi wawo, mayi Mervis, anali pabwalo akusankha mbewu. Ataona ngolo ikulowa popanda woiyendetsa, anayamba n'kuseka.

"Bambo awa agonanso pangolo? Tsiku lina ng'ombezi zidzakawatula ku Mozambique."

Anapita kukawadzutsa. Kulira kwawo kunamveka mpaka kutsidya kwa dambo.

Inu amene mukuwerenga muli ndi chisoni chanu, khalani pansi mumve. Nkhaniyi si ya munthu amene analemera. Ndi ya mayi amene anatsala ndi mwana mmodzi, n'kukana kuti nayenso apite.

Masiku amenewo nkhondo ya ku Mozambique inali itatha, koma mfuti zake zinali zisanathe. Kumeneko malire savuta kudumpha: munthu amalima ku Malawi n'kukamwa mowa ku Mozambique. Mfuti zinkaoloka momwemo, ena n'kumasinthitsa ndi thumba la chimanga. Aliyense ankadziwa kuti zilipo, koma mukanafunsa, mudzi wonse ukanalumbira kuti sunaonepo ngakhale chithunzi chake.

Maliro atatha, mayi Mervis anasiya zonse. Kutchalitchi sankapita, kumunda sankapita, tsitsi litamera sanalipese. Amene ankagwira ntchito zonse anali Kenneth, mwana wawo yekhayo, wa zaka makumi awiri ndi zitatu, amene kale ankadziwika ndi nthabwala koma tsopano ankangoti duu.

Patapita miyezi inayi, mayiwo analowa m'kachipinda kosungiramo mbewu ndipo anapeza chijasi cha a Obed, chija anabwera nacho ku migodi ya ku Joni, chitakulunga chinthu cholemera. Atafunyulula, anapeza kuti ndi mfuti.

"Kenneth, ichi n'chiyani?"

"Mwachiona kale, amayi."

"Wachitenga kuti?"

"Ndasinthitsa ndi njinga ya bambo. Ndikungodikira nditsimikize kuti anali ndani. Mayina awiri ndawamva kale."

"Ndiye undiuziretu, mwana wanga. Ndikakuike pambali pa bambo ako, kapena ndizikakuona kundende?"

Tsiku lomwelo Kenneth anaisamutsa mfutiyo, ndipo mayi ake sanadziwenso kumene inali.

Apa khoswe anali atakhala pamkhate. Kukanena kupolisi kunali kumangitsa mwana wawo. Kukhala chete kunali kudikira tsiku limene adzaphe munthu kapena kuphedwa iye. Mayi Mervis anachita mantha kuposa mmene anachitira tsiku la ngolo lija, chifukwa imfa iyi ankaiona ikubwera.

Mantha amenewo ndiwo anawadzutsa pamphasa. Anaulula nkhaniyi kwa mnzawo Eliness, wa mpingo wa Katolika, ali pamzere kuchigayo. Ankayembekezera kuti mnzawoyo adzidzimuka, koma iye anangoyang'ana uku ndi uku.

"Mukuyesa ndinu nokha, anzanga? Kwathu ili kudenga. Bambo a kunyumba akuti ndi yotetezera ng'ombe. Ine ndikamaphika ndimangoyang'ana m'mwamba."

Pamene ufa unkatuluka, amayi awiriwo anali atawerenga nyumba zisanu ndi imodzi zimene ankazikayikira.

Mayi Mervis anapesa tsitsi, anamanga duku, n'kupita kwa wapolisi wa m'deralo, a Kizito.

"Bwana, munthu atabweretsa yekha mfuti, mungamumange?"

"Mayi, mukudziwa wina amene ali nayo?"

"Ine ndafunsa funso langa. Lanulo lisungeni."

A Kizito anaseka, koma anamvetsa. Anati nkhani yotere sangailamule okha, mpaka akuluakulu a kuboma avomere. Ndiye mayi Mervis anayamba maulendo. Kasanu konse anakwera pamwamba pa malole a kachewere kupita ku Ntcheu, fumbi lili m'maso, kukakhala pabenchi tsiku lonse n'kuuzidwa kuti abwerenso. Madalaivala anafika powapatsa dzina. Akawaona pamsewu ankakuwa kuti, "Imani, a phungu athu akwere!" Ulendo wachisanu chilolezo chinatuluka: tsiku limodzi, wobweretsa yekha sadzamangidwa.

Analengeza m'matchalitchi onse. Tsikulo a Kizito anaika tebulo pansi pa mtengo pamsika n'kukhala. Anthu anabweradi ambiri, koma onse anabwera kudzaona amene abwere. Dzuwa linapendeka tebulo lili mbee. Pomaliza kunatulukira mkulu wina atanyamula mfuti yachikale, gogodera wa agogo ake, wadzimbiri, woti ngakhale njiwa ikanamuseka. Msika wonse unafa nacho chiseko. Kenneth anali pomwepo, manja ali m'thumba, ndipo mayi ake anabwerera kunyumba ndi manyazi aakulu.

"Anthu saopa polisi yokha," Eliness anawauza mawa lake. "Akuopa maso athu. Ukangotulutsa mfuti pagulu, mbuzi iliyonse imene inasowa chaka chatha waba ndiwe."

Ambiri akanalekera pomwepo. Mayi Mervis analira masiku awiri, kenako anabwerera kutchalitchi. Linali Lamulungu la zopereka za masika, ndipo anthu ankalowetsa matumba osoka, wina pambuyo pa mnzake, n'kuwaunjika kutsogolo. Mayiwo anayang'ana muluwo n'kuzindikira kuti sakanatha kunena thumba la uje ndi liti, ngakhale zimene zinali mkati. Ulaliki wa tsikulo sanaumve n'komwe.

Sabata yomweyo anaitana amayi a mipingo yonse, ogula kachewere, ndi eni ngolo, n'kuyala nzeru yawo. Nyumba iliyonse, kaya ili ndi mfuti kaya ilibe, ibweretse thumba limodzi la kachewere losoka, tsiku limodzi, malo amodzi. Amene ali nayo aibise pakati pa kachewereyo. Matumba asakanizidwe, apolisi atsegule anthu atachoka, ndipo kachewereyo apite kwa amasiye.

Anthu anaomba m'manja, koma a Gracian sanaombe. Iwowa anali mkulu wa eni ngolo, mnzawo wa a Obed kuyambira ku Joni, munthu woti akayamba kukanda ndevu mumadziwa kuti pali vuto.

"Amake Kenneth, nzeru yanu ndi yabwino, koma zikuoneka kuti inu matumba mumangowasoka, simuwasenza. Thumba la kachewere limagonja paphewa, limapindika. Lokhala ndi chitsulo mkati lidzauma gwa. Ngakhale wakhungu adzaliloza."

Mayi Mervis anaona kuti mkuluyo ankanena zoona. Koma posakhalitsa anapeza yankho.

"Ndiye onse aume chimodzimodzi. Amene alibe mfuti aikemo mpini wa khasu."

A Gracian anasiya ndevu zija n'kuwayang'ana.

"Obed ankanena kuti kunyumba kwake nzeru zili kukhitchini. Ine ndinkayesa akungokusangalatsani."

Anawonjezera zina. Matumba akhale a mtundu umodzi, ochokera kwa ogula kachewere, opanda zilembo za mayina zimene alimi amakonda kulemba ndi makala. Chingwe chosokera chikhale chimodzi. A Kizito anati zipolopolo azichotse n'kuzikulunga padera m'nsanza, ndipo anakapemphanso tsiku lina kuboma. Ulendo uno anapita okha, pa njinga yawo.

Ntchito yovuta inali kwa anthu osalakwa. "Ife mfuti tilibe, ndiye titayirenji kachewere wathu?" ankatero. Kwa masabata atatu mayi Mervis ndi Eliness anayenda nyumba ndi nyumba, kukwera mapiri ndi kutsika, mapazi mpaka kuchita ming'alu. Paliponse mayiwo ankanena mawu omwewo:

"Inu amene mulibe ndinu mukufunika kwambiri. Thumba lanu ndilo libise la mnzanu. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Ine ndinkayesanso kuti za mfuti ndi za anthu ena."

Ena ankawatsekera chitseko. Ena ankawanena kuti chisoni chawazunguza mutu. Koma munthu wamasiye akaima pakhomo pako, osapempha mchere, osapempha sopo, n'kungopempha kuti usenze thumba, kukana kumavuta. Mipini inayamba kusowa m'midzi, ndipo osema anadabwa kuti chaka chino anthu akonda kulima bwanji.

Nyumba yomaliza inali yawo yomwe. Lachisanu masana mayi Mervis anaika thumba, chingwe ndi mpini patsogolo pa Kenneth.

"Thumba la nyumba ino usoka ndiwe. Ine sindiona, ndipo sindidzafunsa."

"Ndiye amene anapha bambo angopita choncho? Aike mfuti m'thumba, basi akhululukidwa?"

"Mlandu wa bambo ako sunathe, uli kupolisi. Kaya udzatha, sindikudziwa, ndipo sindikunamiza. Nanenso mtima umandiwawa, Kenneth. Ndikaona ngolo ikubwera ndimathawira m'nyumba. Koma bambo ako ndinawalira kale. Iwe sindikufuna kukulira."

Kenneth anayang'ana kumbali. Mayi ake anatenga ndowa n'kupita kumjigo. Madzi m'nyumba analimo odzaza, koma anakhala kumeneko mpaka dzuwa litafiira. Pobwera anapeza thumba litasokedwa, litatsamira khoma.

Loweruka m'mawa njira zonse zinadzaza. Amuna atasenza pamapewa, amayi pamitu, ena pa njinga, ena pa ngolo, matumba onse ali chiimire. Panalibe woonerera chifukwa aliyense anali ndi katundu wake. Anthu ankasekana m'njira kuti, "Achimwene, lanulo likulemera mokayikitsa!" ndipo wonenedwayo ankaseka nawo, pakuti panalibe amene akanatsimikiza kanthu. Eni ngolo analandira matumbawo m'shedi ya ogula kachewere n'kuwasakaniza mpaka iwo omwe anasokonezeka. Kenneth anatula lake n'kutuluka osayang'ana munthu.

Anthu atabalalika, apolisi ndi akulu a mipingo anayamba kumasula. Mayi Mervis anadikira panja, atakhala pamwala. Chakumadzulo a Kizito anatuluka thukuta lili kamukamu.

"Mayi, mipini yokha tingatsegule nayo sitolo. Koma mfuti zapezeka zisanu ndi zinayi, ndi zipolopolo zodzaza beseni."

Eliness analulutira, a Gracian anavula chipewa. Mayi Mervis anathokoza, koma chimwemwe chawo chinali chatheka. Nzeru yomwe inabisa ana a anzawo inabisanso wawo. Mwa zisanu ndi zinayizo, ya Kenneth inalipo kapena ayi? Analonjeza kuti sadzafunsa, ndipo lonjezolo linawalemera njira yonse yobwerera.

Atafika anapeza Kenneth atakhala pakhonde, akusenda nzimbe. Mayiwo anadutsa kuti alowe m'nyumba, koma iye anawaitana.

"Amayi."

"Ee?"

Analowetsa dzanja kuseri kwa chitseko n'kutulutsa mpini uja, watsopano, wosagwira ngakhale dothi.

"Uwu tengani. M'thumba munalibe malo."

Mayi Mervis anaulandira ndi manja awiri. Anangokhala pansi pomwepo, mpini uli pamiyendo, n'kuyamba kulira. Kenneth anagwada pambali pawo, nayenso analira, kulira kumene anakumeza tsiku la maliro a bambo ake. Oyandikana nawo anathamanga poyesa kuti kwagwanso zovuta, koma anapeza mayi ndi mwana atagwirana, wina akupukuta mnzake misozi.

Amene anapha a Obed sanapezeke, ndipo mfuti zonse sizinathe tsiku limodzi. Koma masika otsatira anthu anasenzanso matumba, ndipo midzi yoyandikana inabwera kudzafunsa kasokedwe kake. Kenneth anakwatira, ndipo lero ndi bambo wa ana anayi amene sanamuonepo atagwira china choposa khasu ndi chikwapu cha ng'ombe.

Ndiye inu amene mwakhala pansi ndi vuto limene simungaliulule pagulu, mverani. Mwina mwayesapo, anthu n'kukusekani pamsika. Dzukani, pesani tsitsi, kagogodeni kwa mnzanu, chifukwa n'kutheka kuti nayenso ali nalo kudenga. Ndipo inu amene kwanu kuli mtendere, akakupemphani kusenza thumba musafunse kuti zikukukhudzani bwanji. Senzani. Penapake pali mayi amene akudikira kuti mwana wake apeze pobisala kuti asiye choipa. Musataye mtima, ndipo musalole mnzanu ataye wake ali yekha.