Botolo la Manyuchi Akuda

Mwana wanga wachitatu anabadwa mvula itangoyamba, m'zaka zoyambirira za matipate, ndipo pobereka ndinataya magazi ambiri. Kuchipatala cha ku Nambuma anandisunga masiku anayi, kenaka anandipatsa timapiritsi tofiirira n'kunditulutsa. Anati ndizimwa kamodzi patsiku. Masiku oyamba ndinkamwadi, koma tinkandichititsa nseru, moti ndinayamba kutibisa pansi pa mphasa kuti bambo akunyumba asaone.

Patatha miyezi iwiri mwana anali atanenepa, koma ine ndinkangofota. Ndikaimirira msanga, m'maso munkachita mdima, m'makutu n'kumalira nyenje. Kuchoka pakhomo pathu kukafika pa mjigo si patali, munthu ukhoza kuitana mnzako n'kumvana, koma ine ndinkapuma kawiri panjira ndowa ili yopanda kanthu. Zikhatho zanga zinayera mbuu. Chimene chinkandichititsa manyazi kwambiri chinali chilakolako cha dothi. Kuseri kwa nkhokwe yathu kunali kachulu, ndipo ndinkazembera kumeneko ndi mpeni n'kumakagwamula timibulu ta dothi, kudya ndili chiimire ngati wakuba.

Anzanga a m'mudzi anayesa zomwe ankadziwa. Wina anandiwiritsira masamba a mapeyala, madzi ake ofiira ngati magazi enieni. Wina anati ndizimwa zakumwa zofiira za m'botolo. Bambo akunyumba anayamba kutunga okha madzi m'mawa asanapite ku fodya, amuna anzawo akuwaseka. Palibe chinasintha.

Kutsidya kwa dambo kunali esiteti ya fodya, ndipo matenanti ake ambiri anali ochokera kumwera. Ife a m'mudzi sitinkayenderana nawo kwenikweni. Tinkangowatchula kuti obwera, poti chaka chino ali pano, chaka chamawa apita. Koma mayi mmodzi wa ku Chikwawa ankabwera kudzapemphera kumphakati wathu, wamtali, wosayankhulayankhula, Chichewa chake chosakanizika ndi Chisena. Iyeyu anaona kuti kutchalitchi anthu onse akaimirira kuti amve Mthenga Wabwino, ine ndinkakhalabe pansi.

Lamulungu lina titatuluka, anandipeza pamthunzi ndikuyamwitsa. Anandipatsa moni, n'kugwira dzanja langa, kulitembenuza, kuliyang'ana nthawi yaitali. Kenaka anakoka chikope changa ndi chala monga amachitira anamwino.

“Anzanga, inu magazi mulibe,” anatero motsitsa mawu. “Kodi dothi mukudya, eti?”

Ndinayang'ana kumbali n'kupitiriza kuyamwitsa. Iye sanafunsenso.

Lachitatu lake masana anatulukira pakhomo atakulunga chinthu m'chitenje. Linali botolo lalikulu lomwe kale munali mafuta ophikira, lotsekedwa ndi chitsononkho. M'kati mwake munali zinthu zakuda bii ngati phula la mumsewu. Atapendeketsa botololo, zinthuzo zinayenda pang'onopang'ono ngati sizikufuna kutuluka. Anati amenewo ndi manyuchi, ndipo anamupatsa ndi mchimwene wake amene ankagwira ntchito kufakitale ya shuga kwawoko. Anandifotokozera kuti madzi a nzimbe amawawiritsa n'kuchotsamo shuga, otsalawo kuwawiritsanso n'kuchotsamonso shuga, mpaka kachitatu. Zotsala pomalizazo ndiye zimenezi, zakuda, zowawira, zoti palibenso shuga wina angatulukemo. Anati kwawo amayi akachira amawathirira m'phala.

Ndinamuthokoza, koma kunena zoona ndinkachita mantha. Madzulo bambo akunyumba atafika, ananunkhiza botololo n'kuliika patali. Anati iwo zinthu zimenezi amazidziwa, anaziona ku Mpingu alimi a ng'ombe zamkaka akuwaza pa mapesi kuti ng'ombe zidye, ndipo ena amaphikira kachasu. Anandifunsa ngati ndafika pofuna kudya chakudya cha ng'ombe. Panalinso china chimene sananene poyera, koma ndinachimva: munthu wobwera, wosadziwika kwawo, akupatse chinthu chakuda choti umwe.

Tinagwirizana kuti tikafunse. Tsiku la sikelo ananditenga pa njinga, mwana kumbuyo, botolo m'jumbo. Namwino amene tinamupeza anali mayi wachikulire wovala magalasi. Nditamaliza kuyezetsa mwana ndinatulutsa botolo lija mwamanyazi. Anatsegula, kununkhiza, kudontheza pang'ono pachala n'kulawa. Anafunsa komwe achokera ndiponso ngati anasungidwa mwaukhondo. Kenaka anatiuza kuti m'manyuchi akudawa muli ayironi, chinthu chomwe chija chimene thupi limapangira magazi, ndiponso muli zolimbitsa mafupa. Anati shuga woyera amene timathira mu tiyi zimenezi alibe, chifukwa zonse zimatsalira m'zakudazi.

Bambo akunyumba anatenga botolo lija n'kuliyang'anitsitsanso. Namwino uja anatembenukira kwa ine.

“Nanga mapiritsi aja tinakupatsani, mukumwa?”

Ndinaweramitsa mutu n'kuulula za pansi pa mphasa, amuna anga akumva. Namwinoyo sanandikalipire. Anati manyuchi ndi chakudya, si mankhwala, ndipo paokha sangandidzutse. Anandiuza kuti mapiritsi ndizimwa nditadya kuti nseru ichepe, manyuchi ndizithira supuni imodzi yokha m'phala, ndipo bonongwe, chisoso, nyemba ndi matemba zisamasowe m'mbale mwanga. Dothi ndisiye.

Sindidzaiwala kulawa koyamba. Ndinkayembekezera kutsekemera kwa nzimbe, koma chinafika palilime chinali kuwawa, fungo la utsi, ndi kukoma kwina ngati wanyambita khasu. Kutsekemera kunabwera pambuyo, kukhosi, pang'ono chabe. Phala la mgaiwa linasanduka lofiirira ngati madzi a mumtsinje nthawi ya mvula. Ana anga aakulu analawa n'kuthawa. Ine ndinamaliza mbale yonse.

Sabata yoyamba sindinamve kusintha kulikonse. Yachiwiri chimodzimodzi. Mphamvu zinabwera mwakachetechete, moti tsiku lenileni sindingalitchule. Ndimangokumbukira kuti m'mawa wina ndinafika pa mjigo n'kuzindikira kuti sindinapume panjira. Tsiku lina ndinadutsa kuseri kwa nkhokwe ndikuthamangitsa nkhuku, ndipo nditabwerera m'nyumba ndiye ndinakumbuka kuti ndadutsa pa kachulu kaja osakayang'ana n'komwe. Ndinayamba chizolowezi chotambasula zikhatho padzuwa m'mawa uliwonse. Mizere ya m'manja, imene inali itafufutika, inayamba kuoneka yofiirira, kenaka chikhatho chonse. Ndinkayang'ana manja angawa ngati a munthu wina.

Pa Lamulungu la Kanjedza amawerenga nkhani yaitali ya masautso a Ambuye, anthu ali chiimire. Chaka chimenecho ndinaimirira kuyambira poyamba mpaka pamapeto, mwana ali kumsana. Nditacheuka ndinaona mayi wa ku Chikwawa uja akundiyang'ana kuchokera kumbuyo. Sanamwetulire kwambiri. Anangogwedeza mutu kamodzi.

Tinali ndi mapando angapo a nzimbe kudimba kwathu, ndipo masiku amenewo ndikapita kukathyola ndiwo ndinkaima n'kumaziyang'ana. Ndinakula ndikudya nzimbe, kutafuna n'kulavula, osaganizapo kanthu. Tsopano ndinkadabwa. Ine ndinadya dothi miyezi yathunthu, dothilo osandipatsa kanthu. Nzimbe inamera m'dothi, mizu yake n'kusankhamo zimene thupi langa linkalirira, n'kuzikweza m'mwamba mfundo ndi mfundo. Anthu n'kuzifinya, kuziwiritsa katatu, kutenga zoyera kukagulitsa m'masitolo, zakuda n'kupatsa ng'ombe. Ndipo zakudazo n'kuyenda ulendo wonsewo kuchokera kuchigwa cha Shire m'katundu wa tenanti, kudzalowa m'mitsempha yanga. Sindikudziwa kuti mapiritsi anachita zingati, masamba zingati, manyuchi zingati. Chimene ndikudziwa n'chakuti zonsezo zinachokera m'nthaka yomweyi timaiponda tsiku ndi tsiku.

Pasaka itapita ndinapita kukamuona mayi wa ku Chikwawa uja kuesiteti, ulendo wanga woyamba kulowa kumeneko. Ndinamupeza pansi pa chigafa akusankha fodya. Ataimirira kuti andilandire, chitenje chinakoka pamimba, ndipo ndinaona kuti ndi woyembekezera, pathupi pooneka kale. Ndinawerenga miyezi m'mutu. Tsiku limene ankandibweretsera botolo lija anali akudziwa. Manyuchiwo ankawasunga kuti adzamuthandize iye mwini akadzabereka.

Ndinabwerera kunyumba osakhalitsa, n'kutenga botolo lija, kubwerera nalo kuesiteti. Munali mutatsala ochepera theka. Nditamupatsa anakana, nati mphatso sibwerera. Ndinamuonetsa zikhatho zanga.

“Onani, anzanga, ine ndachira. Otsalawa ndi a mwana ali m'mimbayo.”

Pamenepo analandira ndi manja awiri. Kuyambira pamenepo ndinkamupititsira bonongwe ndi nyemba, ndipo bambo akunyumba, omwe aja ankakayika, ndi amene ankamutengera pa njinga kusikelo amuna ake akatanganidwa ndi fodya.

Fodya atagulitsidwa, banja lawo linaganiza zobwerera kwawo kuti akachirire kwa amayi ake. Munali mu Ogasiti, mphepo ikuwomba fumbi. Lole yowatenga inkaima kumsewu waukulu, mtunda wautali ndithu kuchoka kuesiteti. Iye anali atatopa kale, akuyenda atagwira m'chiuno. Ndinasenza mtolo wake wa mapoto ndi zofunda, mwana wanga kumsana, ndipo tinayenda limodzi mpaka kumsewu, tikukamba za mayina a ana ndi za kutentha kwa kwawo. Ndinamuthandiza kukwera, n'kumukwezera mtolo uja. Lole itanyamuka anandibayibitsa mpaka fumbi linamubisa.

Chaka chotsatira kuesiteti kunabwera matenanti ena. Ndinawafunsa ngati akumudziwa, koma iwo anali a ku Mulanje. Mpaka lero sindidziwa ngati anabereka mwamuna kapena mkazi.