Gankata wa atate kuseri kwa bafa

Kalendala ya atate inali ya m'mutu, ndipo inali ndi tsiku limodzi lokha lofiira, tsiku lokumbukira ufulu wa dziko, kumapeto kwa Okutobala. Anthu ena tsikulo ankatchena n'kupita ku boma ku Chongwe kukaonerera ana asukulu akuguba. Ife kwathu, cha ku Kasisi, linali tsiku lobzala chimanga. Kaya kumwamba kuli mtambo kaya kuli mbee, atate ankatidzutsa m'mamawa, aliyense khasu paphewa, amai lichero la mbewu pamutu. Tinkabzala m'fumbi, nthaka ikutentha kumapazi. Ufulu wa dziko ine ndinaudziwa chifukwa cha matuza m'manja.

"Mvula ni mlendo," ankatero atate. "Mlendo sakupeza ukali kusesa. Ipeze mbewu ili kale pansi, iyembekeza."

Mbewu yake sinali ya m'sitolo. Anali gankata, chimanga chamakolo choyera, cha maso akuluakulu ndi olimba, chomwe ukachikonola sichiphwanyika kukhala misere yokhayokha. Atate anabwera nacho kuchokera ku Katete ali mnyamata, m'kathumba kamene amai awo anawamangira. Anthu a kuno atawapatsa malo, chinthu choyamba kulowa m'nthaka imeneyo chinali chimanga chimenechi. Nyumba inamangidwa pambuyo. Chaka chilichonse pokolola ankasankha okha ngala zonona, n'kuzimanga ziwiriziwiri ndi makoko ake omwe, n'kuzipachika kudenga la khitchini pamwamba pa moto. Utsi unkazidetsa bii ndipo anankafumbwe sankayandikako. Amai ankati mwamuna wawo amatha kusokoneza maina a ana ake, koma ngala imodzi ikasowa kudenga amadziwa asanalowe n'komwe m'khitchinimo.

Panali lamulo lachiwiri, ndipo ili ndi lomwe linadzatigwetsa. Nyengo yobzala ikafika, mbewu siyenera kutsala m'nyumba. Yonse ipite pansi, yotsala apatsidwe anansi. Atate ankati wosunga mbewu kudenga nthawi yobzala ali ngati munthu woitana mlendo koma wabisa mpando, ndiye kuti sakukhulupirira kuti abwera. Choncho aliyense wopempha gankata ankapatsidwa ndi manja awiri, pamodzi ndi ulaliki waulere wa kabzalidwe kake.

Ndisawanamizire, ndili mwana zinkawayendera. Tikabzala, pasanathe nthawi kumwamba kunkada, mvula n'kugwa yolowa pansi, inswa n'kutuluka pachulu. Atate ankayenda m'mudzi manja kumbuyo ngati mvulayo aigwetsa ndi iwo. Anthu akawafunsa kuti anadziwa bwanji, ankangotsokomola pang'ono. Kudzichepetsa kwawo kunkathera pomwepo.

Zinthu sizinasinthe tsiku limodzi. Mlendo uja anangoyamba kuchedwa. Chaka china ankafika pakati pa Novembala, china Disembala atalowa kale, ndipo m'masabata odikirawo nkhanga ndi mbewa zinkachita phwando m'munda mwathu. Zinafika podziwa mizere kuposa ife. Amai anayamba kunena kuti nkhanga za m'dera lathu nazonso zimakondwerera ufulu wa dziko, ndipo wophika pa phwandolo ndi mwamuna wawo. Anansi mmodzimmodzi anasiya gankata, yemwe amachedwa kucha, n'kuyamba kugula mbewu yocha msanga ya m'mapaketi. Atate ankati chimanga chimenecho n'chaulesi, chimacha msanga chifukwa chilibe chonena.

Nthawi imeneyo n'kuti ine nditakula, ndikuphunzitsa ku pulayimale ku boma, komwe mtsinje wa Chongwe zaka zina unkasanduka timaiwe ndipo mipope inkangopuma mpweya. Amai amati ine ndi atate tinaumbidwa ndi dothi limodzi louma, ndipo sindikana. Ndinapita kumudzi Loweruka lina nditakonzeka kuwaphunzitsa bwinobwino, monga ndimachitira ndi ana a giredi faivi. Ndinawapeza pansi pa mango akusongola mpini. Ndinawafotokozera kuti nyengo yasintha padziko lonse, kuti utsi wa mafakitale, magalimoto ndi ndege, makamaka wa maiko olemera akutali, waunjikana kumwamba, ndiye dziko likutentha ndipo mvula yasokonekera. Ndinalankhula kwanthawi yaitali, ndipo ndinalankhula bwino.

Atate pa zonsezo anatolapo liwu limodzi.

"Ndeke," anatero, akuloza ndi mpini. Kwathu si kutali ndi bwalo la ndege, ndipo pa nthawiyo ina inali ikutsika. "Ninali kuziganizira. Mtambo ukangoyamba kumangana, izo zapita pakati, zaumwaza."

"Si choncho atate. Si ndeke za pano chabe. Ni utsi wa dziko lonse, wa zaka zambiri."

"Nanga mwini wa utsi ni ndani?"

Ndinati ndi ambiri, ndipo ambiri mwa iwo ali kutsidya kwa nyanja.

"Iwe mwana, ng'ombe ikadya m'munda mwanga, nimaigwira, nimaimanga pamtengo. Mwini wake abwera, tikhala pansi, aona zimene ng'ombe yake yachita. Manje iwe uniuza kuti ng'ombe yadya m'munda mwanga, mwini wake aliko, adziwa, koma sabwera?"

Ndinati amakumana m'misonkhano ikuluikulu n'kumakambirana.

"Akambirana okhaokha eni ng'ombe?"

Ndinati ayi, a kwathu kuno nawonso amapitako. Anafunsa ngati amapita pa ndege. Nditavomera, anangoti "Waona," n'kupitiriza kusongola mpini wawo. Kuyambira tsiku limenelo ndege iliyonse yodutsa ankaiyang'ana ngati ng'ombe ya mnansi wopanda khola, ndipo adzukulu anaphunzira kuikalipira nawo. Phunziro langa linathera pamenepo. Koma chomwe ndinapitira, choti asiye kubzala m'fumbi, sanachimve n'komwe.

Kenako chinafika chaka chija aliyense kuno akuchikumbukira. Atate anabzala pa tsiku lawo monga mwa nthawi zonse. Kumayambiriro kwa Novembala kunagwa kamvula kosocheretsa, kokwanira kudzutsa mbewu koma kosakwanira kuilera. Chimanga chinamera bwino, munda wonse biriwiri, atate n'kuyambanso kuyenda manja kumbuyo. Kenako dzuwa linabwerera ndi ukali. Timbewu tija tinapota masamba, tinayera, tinagona pansi.

Chaka chimenecho, mwamwayi, kudenga kunali kutatsala ngala zingapo, chifukwa opempha gankata anali atatha m'mudzi. Mvula yeniyeni itabwera mu Disembala, atate anakwera pampando kuti azitsitse zonse abzalenso. Ine ndinalipo, sukulu titatsekera. Amai anaima pakhomo la khitchini manja m'chiuno.

"Imwe atate ake ana, siyankoni ziwiri chabe. Ziwiri sizizachepetsa munda."

"Mufuna mvula ione kuti tiikayikira?"

"Mvula ilibe maso. Ikanakhala nayo sembe inaona nkhanga zanu kudala."

Inenso ndinaikapo mawu anga, ndipo mwina ndi omwe anaononga, pakuti atate akamva mawu a mphunzitsi amaumirira kawiri. Anatsitsa zonse. Tinakhala pamphasa kuzitongola tonse atatu.

Chimanga chachiwiricho chinakula mokongola kuposa choyamba. Chinafika m'mapewa, chinayamba kutulutsa ngayaye. Ndiye mu Januwale mvula inadula, ndipo sinabwerere mpaka Febuluwale anatha. Alimi amadziwa kuti chimanga chikasowa madzi pa nthawi imeneyo ndiye kuti kwatha. Atate ankapita kumunda m'mawa uliwonse kukaima pakati pa mapesi ouma, akufinya timatumba topanda kanthu. Pokolola sitinapeze ngakhale ngala imodzi yoti n'kupachika. Njala inalipo, koma ya ufa tinathandizana, ine ndi alongo anga awiri tinkatumiza matumba. Chomwe sitikanatha kutumiza chinali chija cha kudenga. Ndinalowa m'khitchini n'kuona zingwe zokhazokha zikulendewera m'mwaye, ndipo mtima unandiwawa kuposa mmene ndinkayembekezera. Ndinkafuna kupambana mkangano, koma osati motere.

Amai sananene kuti "ndinakuuzani". Anangokhala akuimba nyimbo ya kutchalitchi yonena za anamwali opusa amene sanasunge mafuta, tsiku lililonse, pafupi ndi pomwe atate akhala.

Nyengo yozizira itafika, atate anapopa njinga yawo n'kuyamba kuyendera onse amene anawapatsapo gankata. Ankanyamuka atavala jekete la kutchalitchi, pakuti munthu amene moyo wake wonse wakhala wopatsa sadziwa chovala popita kukapempha. Khomo lililonse ankawalandira ndi ulemu, kuwapatsa mpando ndi chakumwa cha munkhoyo, kenako n'kuwauza kuti gankata anasiya kale. Ena anachita manyazi n'kunamizira mbewa. Madzulo ankabwerako n'kunena kuti anangopita kukaona odwala. Amai anati sankadziwa kuti dera lonse ladwala, ndiponso kuti odwala ake amaonedwa ndi thumba lopanda kanthu pakaliyala.

Chimanga chija anakachipeza kutali, cha ku Nkomeshya, kwa mai wina wamasiye amene malemu mwamuna wake anali bwenzi la atate pa unyamata. Tsiku limenelo ndinawaperekeza, chifukwa mtundawo sunali wa njinga ya munthu wokalamba. Maiyo anatiuza kuti ankabzalabe gankata pang'ono pachulu cha kuseri kwa nyumba, choti aziotcha chachiwisi, ndipo chilala chija ankathirira ndi madzi otsukira mbale. Analowa m'nyumba n'kutuluka ndi ngala zochepa m'mbale. Zinali zazing'ono, ndipo pakati pa maso oyera panali ena achikasu apa ndi apo.

Atate anazitembenuza m'manja, nkhope itakwinyika.

"Alamu, ichi chakwatiwa na ndani?"

"Na chimanga cha aneba, chija cha olenji. Mphepo ndiye inali nkhoswe. Ngati simuchifuna, alamu, nibwezereni, nkhuku zanga sizisankha."

Atate anaziika msanga m'thumba la jekete. Pobwerera m'minibasi anandiuza kuti akulu sananame, kupatsa n'kuika. Ndinawakumbutsa kuti pa makomo onse amene anaikako, zinapezeka pa limodzi lokha. Anati limodzi ndi lokwanira kutseka pakamwa pa mphunzitsi.

Tsiku la ufulu litayandikira, tonse tinali tcheru kuti tione. M'mawa wa tsikulo atate anadzuka akutsimphina, akuti bondo lawagwira. Bondo limenelo linawawa Novembala yense, ndipo linapola lokha mvula itakhazikika, chakufupi ndi Khirisimasi. Palibe anawafunsa dzina la matendawo. M'munda waukulu analola amai kubzala cha m'mapaketi, iwo akuyang'ana kumbali. Gankata sanapite naye kumunda. Anakumba timizere tochepa kuseri kwa bafa, pomwe madzi osamba amatsikira, n'kutchinga ndi minga kuopa mbuzi ndi nkhuku.

Pakhomo pathu sipanakhalepo paukhondo ngati chaka chimenecho. Mvula ikangodumpha masiku angapo, atate ankalamula aliyense kukasamba. Adzukulu amene kale ankathawa madzi ankagwidwa kawiri pa tsiku. Mlendo akafika, asanamwe n'komwe tiyi, ankafunsidwa ngati sakumva kutentha. Mkulu wina wa kutchalitchi anabwera kudzakamba za msonkhano wa limana, ndipo anabwerera kwawo atasamba, osadziwa chimene chamuchitikira. Amai anati zaka zonse za ukwati wawo sanaonepo mwamuna wawo akuwatungira madzi osamba, ndipo tsopano akudziwa kuti mkazi mnzawo ndi ndani.

Chimanga cha kuseri kwa bafa chija chinabereka. Sichinali chambiri, chonse chinakwana m'dengu limodzi, ndipo maso achikasu aja anali atachuluka. Atate anatiitana ana onse atatu kuti tibwere Lamlungu, osanena chifukwa. Titatha kudya anatulutsa dengu lija, n'kukhala pampando wawo, n'kuyamba kusankha ngala monga ankachitira kale. Ine ndinkadikira kuti akwere kukapachika kudenga. M'malo mwake anaunjika timilu tinayi. Kamodzi anakankhira kwa amai, kena kwa mlongo wanga wa ku Lusaka, kena kwa wamng'ono amene anakwatiwa ku Rufunsa, kotsiriza kwa ine.

"Atate, ine nilibe munda. Nikhala m'nyumba ya lendi, panja pali simenti."

"Sininakambe kuti ubzale."

"Nanga nichite nazo chani?"

"Sunga. Nikabwera kupempha, ngakhale nikalipe bwanji, unipatse hafu chabe." Anapukuta ngala ina ndi chala. "Ine mvula siniidziwanso, mwana wanga. Inali bwenzi langa, manje tipitana chabe pa njira."

Ndakhala ndikukangana ndi atate kuyambira pamene ndinaphunzira kulankhula, ndipo ndinkaganiza kuti tsiku limene adzagonje ndidzasangalala. Sindinasangalale. Ndinamva chisoni chachikulu, ndipo ndinalakalaka akanandikalipira. Amai anadzuka n'kukatenga mapepala a pulasitiki atatu oti timangiremo, ndipo palibe amene anaseka.