Makutu Ogwa

Kalulu uja ndinachita kupatsidwa. Ndinkachapa zovala pa loji ina ya alendo ku Nkwali, ndipo mayi wachizungu amene ankayang'anira khitchini, pobwerera kwawo, anandisiyira m'katoni. Ubweya wake unali ngati tiyi wamkaka, makutu ali lende mpaka pansi. "Mtundu wake ndi wotero," anatero mayiyo. "Sadzaima."

Ine zoweta nyama yoti sudzaidya ndinkaziona ngati misala. Komabe ndinamukhomera kakhola pansi pa mango, n'kumamuthyolera kholowa ndi chisoso. Masana a Okutobala, nyenje zikamalira mpaka mutu kuzungulira, ndinkaphimba kholalo ndi thumba lonyowa, iye n'kugona atatsamira mtsuko wa madzi.

Mwezi womwewo tinakatenga atate ku Nsefu. Chimwalirireni amayi, chakudya ankangochiyang'ana, ndipo pamphasa ankadzuka mochita kudzutsidwa. Ndinkaopa kuti mvula ya chaka chimenecho sadzaiona.

Tsiku lina tinawakhazika pakhonde kuti apitidwe mphepo. Maso awo anakathera pa kalulu.

"Iwe, nyama iyi idwala," anatero. "Mbuzi ikagwetsa makutu chonchi ndiye kuti yapita."

Ndinayasama kuti ndiwafotokozere, koma ndinaona kuti aimirira okha, osagwira chipupa. Mawu ndinawameza.

Kuyambira pamenepo, m'mawa uliwonse ankafunditsa madzi, kumuika kalulu pamiyendo, n'kumamuthowa makutu ndi kansalu monga timathowera mwendo wotupa. Ankakweza khutu limodzi n'kulisiya, ilo n'kugwa pang'onopang'ono ngati tsamba. Kalulu ankatsinzina, iwo n'kumang'ung'udza nyimbo ya Chikunda imene amayi ankaimba potonola chimanga. Masiku amenewo ndimawakumbukira ngati maloto: mvuu zikulira kutali kumtsinje, fumbi litaima m'mwamba osatsika, ine ndachedwa kuntchito koma miyendo ikukana kuchoka. Atate akamupatsa kaluluyo gaga, phala lawonso ankalandira. Ankati wodwala sadya yekha.

Mwamuna wanga, dalaivala wa alendo, uja wodziwa zonse, tsiku lina anatulutsa foni kuti awaonetse zithunzi za akalulu a mtunduwo. Ndinamuponda phazi mpaka anakuwa. Mpaka lero sindinapepese.

Mitambo itayamba kusonkhana, atate anandiitana, kalulu ali pamiyendo.

"Mama, usandinamize. Makutu awa adzaima?"

Chibadwire ndinali ndisanawanamizepo atate pamaso.

"Lakumanzerelo layamba kugwedera, atate. Dzulo ndinaliona."

Analinyamula khutulo pachikhatho, kuliyang'ana nthawi yaitali, kenaka analibwezera bwinobwino.

"Ndiye mawa undidzutse cha m'ma faifi," anatero. "Madzi afunika afunde dzuwa lisanatuluke."