Bulangeti la Ambuya Jesi

Fungo la bulangeti lija ndimalimvabe mpaka lero. Linali fungo la fodya wouma, utsi wa nkhuni, ndi sopo amene Ambuya ankaika m'sutikesi kuti njenjete zisalowemo. Silinali ngati mabulangeti amene tinkagula kwa amwenye ku Chipata. Linali lolemera, loyabwa pakhungu, la mizere yobiriwira ndi yakuda yopingasana, ndipo kamzere kamodzi kofiira kankadutsa pakati ngati kanjira ka mbewa mu udzu. Ambuya Jesi, amayi awo a amayi anga, ankalifunda ngakhale mu Okutobala, pamene ife tinkakankha ndi chitenje chomwe chifukwa cha kutentha.

Chaka chimenecho ndinali mu Giredi 4 kwathu ku Pembamoyo. Inali nthawi ya chipani chimodzi, pamene munthu sunkalowa mumsika wa ku boma wopanda khadi la chipani. Atate anali ku migodi, ankabwera pa Khirisimasi pokha. Pakhomo tinalipo amayi, ine ndi Ambuya.

Ambuya anali oyera khungu, tsitsi lawo lofewa, ndipo amati lisanachite imvi linali lofiirira. Bambo wawo anali mzungu wa ku Sikotilandi, dzina lake Dankeni, amene ankalima fodya chakufupi ndi Chipata kalekale. Amayi awo anali a Mwatitha, mwana wa m'mudzi mwathu. Ambuya ali kamwana anatengedwa kupita kusukulu ya mishoni, anakulira komweko, nakwatiwa kutali. Anabwerera kumudzi mwamuna wawo atamwalira, amayi anga ali kale namwali, koma anapeza a Mwatitha ali m'manda. Tsitsi lija linalumpha amayi n'kudzagwera ine. Kusukulu anzanga ankanditcha kamzungu kopanda nsapato, ndipo ndinamenyana nawo kangapo kuseri kwa chimbudzi.

Chilimwe chimenecho miyendo ya Ambuya inatupa, mpweya n'kumawavuta. Kuchipatala anatipatsa mapiritsi, koma sisitala anayang'ana amayi m'maso napukusa mutu, amayi n'kumva. Tsiku lina masana, ndikuwakupiza ndi chivundikiro cha dengu, Ambuya anaitana amayi.

"Loisi, ukandigoneke pafupi ndi amayi anga. Ndinasiyana nawo mano asanaguluke. Kumeneko kokha usandisiyanitse nawonso."

Mawu amenewa anayenda m'mudzi, nakafika kwa a Yelesani, tcheyamani wa chipani m'dera lathu. Anali munthu wamtali, wokonda jekete ngakhale kutenthe bwanji, baji yake yonyezimira pachifuwa. Pamsonkhano wa pansi pa kachere ananena kuti dziko tinalilanda kwa atsamunda ndi magazi, ndipo manda a mudzi si a ana a atsamunda. Anati ku boma kuli manda a alendo, Ambuya akagone kumeneko. Amfumu anali okalamba, anangoyang'ana pansi n'kumajambula ndi ndodo pa dothi. Palibe anatsutsa. Masiku amenewo wotsutsa tcheyamani ankatchedwa mdani wa boma.

Patapita masiku a Yelesani anabwera pakhomo pathu. Amayi anawapatsa mpando, iwo n'kukhala pa mphasa. Anayankhula mofatsa, ngati akutichitira chifundo. Anati tikatentha bulangeti la mzungu lija anthu akuona, ndipo dzina la Dankeni lisamvekenso pakamwa pathu, nkhani ingathe kuonedwanso.

"A Tcheyamani," anatero amayi, "wobadwa wopanda bambo wa padziko ndi mmodzi yekha, ndipo si amayi anga. Bulangetilo silipsa."

Atachoka, amayi analowa m'nyumba, nagwada pafupi ndi mphasa ya Ambuya, napemphera nthawi yaitali. Vuto linali lakuti amayi sankadziwa mzere wa makolo awo kupitirira a Mwatitha, ngakhale malo enieni amene a Mwatithawo anagona. Kwathu munthu amakhala wa mudzi chifukwa cha bele limene anayamwa, la amayi ake, la ambuya ake, mpaka kukafika kwa eni nthaka. Amayi anafunsa akuluakulu a m'mudzi, koma aliyense ankati waiwala. Anatsala munthu mmodzi, mng'ono wawo wa a Mwatitha, a Tilape, amene anakwatiwa ku Zemba ndipo anali ndi moyo.

Tinasiya Ambuya m'manja mwa mayi wina wa kutchalitchi, n'kunyamuka dzuwa lisanatuluke. Ulendo umenewo sindidzauiwala. Tchire linali litapsa, phulusa likuuluka m'miyendo, koma mitengo inali itaphuka masamba ofiira anthete ngati sikudziwa kuti mvula kulibe. Nyenje zinkalira mpaka m'makutu kuwawa. Mchenga unkatentha mapazi, ine n'kumathamangira pamthunzi uliwonse, kudikira amayi. Pamphambano ina anyamata a chipani anatiimitsa. Amayi anamasula mfundo ya chitenje, nawaonetsa khadi. Mmodzi anandigwira tsitsi akuseka, ine n'kumumenya dzanja. Amayi sanandikalipire.

A Tilape tinawapeza pakhonde akusenda nshawa za mbewu. Anali kamunthu kochepa, diso limodzi loyera, mphuno yodetsedwa ndi fodya wonunkhiza. Moni usanathe anandikokera pafupi, nandipapasa kumutu.

"Iii, Dankeni wabwera! Munthu uja ankapsa ndi dzuwa ngati nkhumba yowawula. Khala apa, usende nshawa, kuno azungu amagwiranso ntchito."

Tinakhala tikusenda, iwo akukamba. Sanamukometse Dankeni. Anati anatenga a Mwatitha ali kamtsikana, makolo osafunsidwa bwino, ndipo pa nkhondo ya Jeremani anapita osabwerera, osatumiza ngakhale mawu. Koma anatinso mwana atabadwa anamunyamula akulira, namutcha Jesi, dzina la amayi ake a iye mwini. Akamwa mowa ankaimba nyimbo za kwawo, kulirira mapiri ozizira amene anawasiya. Bulangeti lija anamufunditsa mwanayo tsiku lochoka, nati mizere yake ndi chizindikiro cha fuko lake. A Tilape anaseka pamenepo, mano awiri okha akuoneka. Anati nawonso azungu aja ali ndi mafuko monga ife a Banda ndi a Phiri, kungoti iwo fuko lawo amalivala.

Kenaka anapukuta manja, nayamba kutchula maina pang'onopang'ono. Jesi wa Mwatitha, Mwatitha wa Tisauke, Tisauke wa Ndaona, Ndaona mlongo wake wa munthu amene anadula mtengo woyamba pomanga mudzi wathu. Anati ambuya awo a Yelesani analinso mwana wa Tisauke yemweyo. Za manda anati a Mwatitha anagona pansi pa muwanga wa mphanda, chakum'mawa, ndipo kumanzere kwawo kunasiyidwa malo. Iwo kubwera sakanatha, miyendo inali itawakana.

Pobwerera amayi anaopa kuti tiiwala. Anatenga mainawo n'kuwaika m'maimbidwe a nyimbo ina ya kutchalitchi, yoyenda pang'onopang'ono, imene tinkaimba pa Mgonero. Iwo ankayamba, ine n'kulandira. Tikafika pa Ambuya Jesi nyimbo inkagawika pawiri. Mbali ina inkatsika kwa a Mwatitha mpaka kwa a Ndaona, mbali ina inkati Jesi wa Dankeni, Dankeni wa Jesi wa ku Sikotilandi. Ndinafunsa ngati mbali ya mzunguyo tingaisiye. Amayi anati Mulungu sanaisiye pamene ankandiumba, ndiye ife tiisiyirenji. Tinaimba njira yonse, kukhosi kutauma, milomo itang'ambika. Titafika ndinawaimbira Ambuya. Anatseka maso, chala chawo chikuyenda pa kamzere kofiira kaja.

Anamwalira mitambo itayamba kusonkhana madzulo koma mvula isanagwe. M'mawa mwake pakhomo panadzaza anthu. Amayi a kutchalitchi ankaimba m'nyumba, amuna atakhala pansi pa mango. Adzukulu, anthu amene amakumba manda, anakhala pamthunzi wa nkhokwe, makasu ali pansi, chifukwa panalibe amene anawalamula kuti akayambe. A Yelesani anaimirira pakati pa bwalo ndi jekete lawo, nanena kuti atuma mnyamata pa njinga ku boma kukapempha galimoto yodzatenga mtembo. Dzuwa linali likukwera. Aliyense ankadziwa kuti m'kutentha kotero maliro sadikira.

Pamenepo amayi anatuluka m'nyumba, nsalu itamangidwa zolimba m'chiuno, khasu lathu lolimira lili paphewa. Nyimbo inaduka. Mayi wina anagwira pakamwa, pakuti kwathu mkazi sakumba manda, ngakhale kuyerekeza. Amayi anaima pamaso pa amuna onse aja, nayamba kutchula maina, koma atangoti Jesi mawu anawathera. Anayesanso, osatuluka. Anatembenuka, nandipeza ndi maso pakati pa ana.

"Esinati, imba."

Ndinali nditakwiya, mkwiyo wonse wa kuseri kwa chimbudzi cha kusukulu. Ndinaimba mokweza, ndikuyang'ana baji ya a Yelesani. Ndinatsika kwa a Mwatitha, kwa a Tisauke, kwa a Ndaona. Ndinabwerera, n'kuimbanso ya Dankeni ndi ya Jesi wa ku Sikotilandi, osameza liwu ndi limodzi lomwe. Kenaka ndinamva nkhalamba ina kumbuyo ikubwereza chapansipansi, "Tisauke wa Ndaona." Inali imodzi mwa zija zinati zaiwala.

Mawu a amayi anabwerera. Anati, "Amayi anga ndi a onsewo. Bele ndi la pano, limene anayamwanso ambuya anu, a Tcheyamani. Ine ndikupita pa muwanga wa mphanda. Wofuna kundigwira andigwire."

Anayamba kuyenda kulunjika kumsitu wa manda. Sanathamange. Anadutsa nkhokwe, anadutsa khola la mbuzi, palibe anasuntha. Atafika pamene njira imapatukira kumanda, a Gamaliyele, mkulu wa adzukulu, anadzuka akudzikuntha fumbi. Anali munthu wa nthabwala, ndipo pamaliro mdzukulu amaloledwa kunena chilichonse kwa aliyense, palibe womuimba mlandu.

"Amayi inu, imani! Mufuna kutilanda ntchito? Nanga nkhuku ya adzukulu mudya ndinu?" Anawalanda khasu, natembenukira kubwalo. "A Tcheyamani, khadi la akufa likugulitsidwa kuti, tikawagulire amayiwa? Musadandaule, tsiku lanu likadzafika tidzayamba tatuma njinga ku boma, inu mukudikira padzuwa ndi jekete lanulo."

Wina anaseka, n'kudzigwira, kenaka anthu ambiri anaseka, pamaliro pomwepo. Adzukulu ena anatola makasu awo. A Yelesani anayang'ana amfumu, amfumu n'kuyang'ana kumwamba ngati akuona za mvula. A Gamaliyele sanafunse n'komwe kuti muwanga wa mphanda uli pati. Anangolunjika.

Ana sitinkapita kumanda, koma ndinamva makasu akugunda nthaka youma mpaka dzuwa litapendeka. Ambuya anatuluka m'nyumba atakulungidwa m'bulangeti lawo, ndipo amayi sanalole kuti mphasa ibise mizere yake yonse. Anagona kumanzere kwa amayi awo. Sabata isanathe mvula yoyamba inagwa, fungo la dothi n'kudzaza m'nyumba mmene munali fungo la bulangeti.

Sizinathere pomwepo. Chaka chimenecho pogawa feteleza dzina la amayi silinaitanidwe. Anapita kukafunsa, anauzidwa kuti abwere mawa, mawa lakelo osafika. Tinasenza manyowa a mbuzi pamutu mpaka khosi kuuma, komabe chimanga chinabereka tizitsononkho. Mu Febuluwale tinkagonera maungu ndi mango ophika. Amayi ankadalitsa maunguwo ngati nyama, kuthokoza Mulungu kuti lonjezo lawo analisunga, ndipo sindinawamvepo akunena kuti akanadziwa akanatentha bulangeti.

Nthawi imeneyo ndinkaganiza kuti tinapambana chifukwa cha ine. Ndinkati maina aja anali atatayika, ife n'kukawatola ku Zemba, ndipo anthu anagonja chifukwa ndinaimba osalakwitsa. Ndinayenda modzitukumula mpaka sukulu kutsekera. Tsopano ndine mayi, ndaikako anthu anga m'manda, ndipo ndikudziwa kuti panalibe dzina limene linatayika. Nkhalamba zija zinkawadziwa onse, a Gamaliyele ankaudziwa mtengo, ngakhale a Yelesani ankadziwa bele limene anachokera. Chimene chinasowa m'mudzi monse chinali munthu woyamba kutsegula pakamwa. Ndikudziwanso kuti mawu a amayi sanathe chifukwa cha chisoni chokha. Anali ndi mantha kuposa ine, ndipo anayendabe ndi khasu lija.

Ndimathokoza Mulungu kuti anandipatsa mayi wotero. Mwana wanga womaliza anabadwa ndi tsitsi lofiirira, ndinamutcha Jesi. Nyimbo ija ndinamuphunzitsa asanayambe sukulu, ndi dzina la amayi ndi langa zitawonjezedwa. Amaiimba mbali zonse ziwiri.